Six-line wrasse patatha miyezi 14: ntchito kamagwira, koma ndewu ndiye ayi

Kansomba aka ndakhala nako miyezi 14, ndiye ndafika poti ndinganenepo kanthu. Ndinakagula pashopu ina ya nsomba za m'madzi amchere kuno ku Durban, ndipo ndikukapatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Pa ziwiri ndachotsazo, imodzi yapita chifukwa cha khalidwe la kansombako, inayo chifukwa cha wogulitsa amene anandiuza zokoma zokhazokha.

Thanki yanga ndi ya malita 200. Muli makorali ofewa, clam imodzi (nkhono yaikulu ya zigoba ziwiri) ya mtundu wa Tridacna, ma clownfish awiri (nsomba zaolenji za mizere yoyera), ndipo nthawi imeneyo munalinso firefish, kansomba kofatsa kamene ana anga ankakakonda kuposa zonse. Chimene chinandipititsa kushopu ndi ma flatworm, tizilombo tofiirira tophwatalala timene tinayamba kuyala pamchenga ndi pamakorali ngati wina wawazapo dzimbiri. Pansi pa clam ndinapezanso tinkhono toyera, tochepa kuposa kambewu ka mpunga, timene timaiyamwa usiku. Wogulitsa atangomva, anandilozera six-line wrasse, dzina lake la sayansi Pseudocheilinus hexataenia. Anati sikadya makorali, sikavuta kudyetsa, ndipo kamakhala bwino ndi anzake. Ziwiri zoyambazo ndi zoona.

Kukongola kokha palibe chokanena. Thupi lake ndi la buluu wopita ku pepo, ndipo mizere isanu ndi umodzi yaolenji yayenda kuchokera kumutu mpaka kumchira. Diso ndi lofiira, lodutsidwa ndi timizere tiwiri toyera. Mchira ndi wobiriwira, ndipo patsinde pake chakumwamba pali kadontho kakuda. Sikakula kwambiri, kakatalikitsa ndi masentimita 10, kanga kali pa 7. Posambira sikadzipotokola ngati nsomba zina, kamapalasa ndi zipsepse za m'mbali, kenako n'kuima njii pafupi ndi mwala, diso likuzungulira, n'kujompha kanthu kamene iwe sunakaone. Mutha kutha theka la ola mukungokayang'ana, tiyi n'kuzizira. M'chilengedwe kamapezeka kuyambira ku Red Sea, kutsika ndi gombe la kum'mawa kwa Africa mpaka kuno ku KwaZulu-Natal, n'kukafika kuzilumba za Pacific, ndipo kumeneko kamakhala kobisala m'nthambi za makorali.

Sindinakaponye m'thanki yaikulu tsiku lomwelo. Ndinakasunga milungu inayi m'kathanki kapadera, mopanda mchenga, mongokhala zidutswa za mapaipi a PVC zobisalamo, kuti ngati kabwera ndi matenda a timadontho toyera ndiwaone asanafike kwa anzake. Usiku woyamba ndinadzidzimuka. Nditaunika ndi tochi ndinakapeza kali m'paipi, katakutidwa ndi chinthu chonanda ngati ntchofu, osagwedezeka. Mumtima ndinati basi, ndalama zanga zapita. M'mawa kanatuluka kali gwa, ntchofuyo ikuyandama payokha. Kani ndi mmene kamagonera: kamadzipangira kathumba ka ntchofu m'mphako ya mwala, ndipo akuti zimenezi zimabisa fungo lake kwa adani. Ndiye mukaona zotere musathamangire mankhwala. Izi zikutanthauzanso kuti sikafuna mchenga wakuya ngati ma wrasse a mtundu wa Halichoeres, amene amadzikwirira pogona. Chimene kamafuna ndi live rock yambiri, miyala ya m'nyanja yokhala ndi tizamoyo, ya mapanga ndi mipata yodutsamo.

Kudyetsa ndiye sikunandivutitsepo. Tsiku lachiwiri kanali katayamba kale kulandira mysis ya mufiriji, tizilombo ta m'madzi timene amagulitsa ngati chakudya cha nsomba, ndipo pakutha pa mlungu kankadya ma pellet ang'onoang'ono. Ndimapatsa kawiri pa tsiku, pang'onopang'ono. Mchere wa m'madzi ndimausunga pa 1.025 poyeza ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere, kutentha pakati pa madigiri 25 ndi 26 Celsius, ndipo ndimasintha malita 20 mlungu uliwonse ndi madzi osefedwa ndi makina a RO, ochotsa zonyansa zonse. Sikanadwalepo. Ngakhale nthawi imene magetsi ankazima maola angapo patsiku, ine n'kudalira kapampu ka mpweya ka mabatire, iko kanalibe nazo ntchito.

Pa ntchito imene ndinakagulira, ndinene chilungamo. Tinkhono ta pa clam kanatimaliza, patatha milungu itatu sindinaonenso n'kamodzi komwe. Ma flatworm anachepa kwambiri m'miyezi iwiri, koma sikanawathe kokha. Ndinkawayamwanso ndi kapaipi posintha madzi, ndipo ndinachepetsa chakudya. Mnzanga wina amene ali ndi kansomba komweka akuti kake sikayang'anako n'komwe ma flatworm, kamangodikira mysis. Ndiye musagule muli ndi chikhulupiriro chonse ngati mukugula mankhwala, chifukwa chilichonse chili ndi mtima wake.

Miyezi inayi yoyamba kanali kamlendo kaulemu, kongoyenda m'mbali mwa miyala. Mwezi wachisanu kanazindikira kuti mudzi ulibe mfumu. Ine ndinakulira ku Monkey Bay, ndipo mbuna ndimazidziwa kuyambira ndili mwana, mmene yaimuna imatetezera mwala wake ku Thumbi kapena ku Otter Point. Ndisanayambe zamcherezi ndinazisunganso zaka zingapo, ndiye ndinkadziona ngati katswiri pa nsomba zandewu. Koma mbuna imalonda mwala umodzi, ukapatuka imakusiya. Aka kanatenga thanki yonse kukhala yake, ndipo sikatopa.

Kanayamba ndi firefish. Ikangotuluka kudzenje kwake kuti idye, iko kafika kale, zipsepse zili tambasu, n'kuithamangitsa mpaka pakona. Firefish inayamba kuonda, mchira unang'ambika. Ndinkati zitha zokha. Tsiku lina Loweruka m'mawa mwana wanga wamkazi anabwera kuchipinda akulira, amvekere, "Adadi, ija yoyera ili pansi." Ndinaipeza kuseri kwa kabati itauma kale gwa. Apa ndisanamizire wrasse yekha, vuto linalinso langa, chifukwa thanki inali yosavindikira. Firefish imadumpha ikachita mantha, ndipo wrasse nayenso ndi wodumpha. Tsiku lomwelo ndinapanga chivindikiro cha neti ya mabowo a mamilimita 6 pa felemu ya aluminiyamu. Neti ndi yabwino kuposa galasi chifukwa kuwala kumadutsa ndipo madzi satentha. Kuchokera pamenepo ndamvapo kawiri konse wrasse akugunda netiyo, makamaka magetsi akabwera mwadzidzidzi usiku nyali n'kuyaka zonse nthawi imodzi.

Nditabwerera kushopu kukadandaula, wogulitsa uja anangoseka n'kunena kuti aliyense amadziwa kuti six-line imaikidwa pomalizira. Aliyense ndani? Ine ndinamuuza nsomba zonse zimene ndinali nazo tsiku logula lija, firefish ndinaitchula. Mawu oti "reef safe" amene analembedwa pagalasi la shopu amangotanthauza kuti nsombayo siluma makorali. Sanena kanthu za mtendere ndi nsomba zinzake. Akanandiuza zimenezi, mwina ndikanagulabe, koma firefish ndikanaisamutsa kaye.

Kusamva kwanga, patapita miyezi itatu ndinagula royal gramma, nsomba yaing'ono ya mtundu wa pepo ndi chikasu, poganiza kuti imeneyi ndi yolimba mtima, idziteteza. Ndinachita zonse zimene anthu amalangiza. Ndinaiika m'kabokosi koonekera mkati mwa thanki kwa masiku asanu kuti azolowerane. Wrasse ankangozungulira bokosilo ngati fisi pakhola la mbuzi. Ndinamata kalirole pagalasi kuti azilimbana ndi chithunzi chake, ndipo zinathandizadi masiku awiri, lachitatu anazindikira kuti akupusitsidwa. Ndinasuntha miyala ina kuti asokonezeke malire. Nditatsegula bokosi, gramma inalowa m'phanga ndipo inatha mlungu wathunthu osatuluka, chakudya ndinkachita kuipopera ndi kachubu.

Ndiye ndinaganiza zochotsa wrasse. Abale anga, apa m'pamene ndinaona zakuda. Neti ya m'manja kamaidziwa isanakhudze madzi. Ndinabwereka msampha wa pulasitiki wa kachitseko, n'kuikamo mysis. Ma clownfish analowa tsiku loyamba lomwe, kulowa n'kutuluka ngati kwawo. Wrasse ankaima pakhomo, kuyang'ana chakudya, kuyang'ana ine, n'kubwerera. Masiku 9 ndili pampando ndi ulusi m'manja madzulo aliwonse, mpaka mayi akunyumba anandifunsa kuti, "Kodi bambo, ku Monkey Bay kuja munkawedza chonchi?" Njira yotsala inali kutulutsa miyala yonse, makorali atamera kale pamenepo. Ndinagonja. Gramma ndi imene inagwidwa, ndipo ndinaipereka kwa mnzanga uja.

Pali zinanso ziwiri zoti mudziwe musanatulutse ndalama. Ndinkalakalaka nsomba ina yamawangamawanga yotchedwa mandarin, koma ndinasiya, chifukwa mandarin imadalira ma copepod, tizilombo tating'ono tokhala m'miyala, ndipo wrasse amatisesa tsiku lonse mothamanga kuposa iyo. M'thanki ngati yangayi mandarin ikhoza kufa ndi njala. Chachiwiri ndi ma shrimp, tizilombo ta m'madzi ta chikhungwa ngati nkhanu. Cleaner shrimp yanga yaikulu, imene imatsuka nsomba pathupi, sanaikhudzepo, koma timashrimp tating'onoting'ono sindingayese, makamaka tikangofundula chikhungwa chikadali chofewa. Ndipo wrasse wina aliyense wofanana naye thupi, monga ma fairy ndi ma flasher, musayerekeze n'komwe.

Ndani angagule? Amene thanki yake yadzaza kale, nsomba zake ndi zolimba monga ma clownfish akuluakulu kapena ma tang, ali ndi chivindikiro, ndipo sakufunanso kuwonjezera kanthu. Kwa woteroyo ndi nyenyezi zisanu, chifukwa mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi ma wrasse ena, ndi kolimba, ndipo clam yanga yakula bwino chifukwa cha iko. Amene mwangoyamba kumene ndipo mndandanda wa nsomba zimene mukufuna ukadali wautali, kasiyeni kaye pagalasi la shopu, ngakhale kakuyang'aneni ndi diso lofiira lija.

Kwanga kuno zinthu zakhazikika motere: clownfish yaikazi ili ndi ngodya yake yakumanzere, ndipo ndi yokhayo imene wrasse amaipatuka, chifukwa inamuluma kamodzi. Kwina konseko ndi kwake. Mwana wanga akufunsabe za firefish ina, ndipo ndamuuza kuti tidikire thanki yachiwiri.