Tchati cha Our World in Data pa za mpweya ndi chimwemwe: chothandiza, koma chofunika kuwerenga mosamala

Anthu akamakambirana za kusintha kwa nyengo, pamabuka funso loti kodi dziko likachepetsa mpweya wa carbon dioxide womwe limatulutsa, moyo wa anthu ake sulowa pansi? Amene akufuna yankho lokhala ndi manambala angathandizidwe ndi tsamba la pa intaneti la Our World in Data, lomwe anayambitsa Max Roser ndipo limayendetsedwa mogwirizana ndi akatswiri a pa yunivesite ya Oxford. Tsambali ndi laulere, ndipo pakati pa matchati ake ambirimbiri pali chimodzi chomwe chimaika dziko lililonse ngati kadontho, poyerekeza matani a mpweya wotuluka pa chaka pa munthu mmodzi ndi mmene anthu a m'dzikolo amakhutirira ndi moyo wawo.

Chomwe ndimayamikira kwambiri n'choti eni tsambali sabisa komwe manambala achokera. A mpweya ndi ochokera ku Global Carbon Project, gulu la asayansi owerengera mpweyawu, pomwe a chimwemwe ndi a mu World Happiness Report, lipoti lomwe linayamba kutuluka mu 2012 ndipo limadalira kafukufuku wa kampani yofufuza maganizo a anthu ya Gallup. M'kafukufukuyu anthu pafupifupi 1,000 a m'dziko lililonse amafunsidwa chaka ndi chaka kuti ayerekeze makwerero okhala ndi masitepe kuyambira 0 mpaka 10, pomwe 10 ndi moyo wabwino koposa womwe angaulakelake, kenako anene sitepe yomwe aimapo. Choncho chomwe chikuyezedwa si kuseka kapena kusangalala kwa tsiku limenelo, koma mmene munthu amaonera moyo wake wonse akakhala pansi n'kulingalira.

Mukangotsegula tchatichi, maso amathamangira kuona kuti madontho akukwera, ndipo n'zoonadi kuti maiko otulutsa mpweya wochepetsetsa, monga Afghanistan ndi Democratic Republic of Congo, ali m'munsi pa makwerero aja. Komabe phindu lenileni lili poyang'ana kumtunda, komwe kukwerako kumayamba kuzilala. Dziko la United States limatulutsa matani pafupifupi 14 pa munthu mmodzi, pomwe Costa Rica safika ngakhale matani awiri, koma mu lipoti la 2025 Costa Rica anali pa nambala 6 pa mndandanda wa maiko okhutira kwambiri ndipo United States inali pa nambala 24. Dziko la Kuwait limadutsa matani 20, koma silinapitirirepo Finland, lomwe lakhala pa nambala 1 kuyambira 2018 likutulutsa mpweya wosafika theka la umenewo. Kwa ine ichi ndicho chinthu chachikulu chomwe tchatichi chimaonetsa bwino: kwa dziko losauka kwambiri, mphamvu zoonjezera pang'ono, monga za magetsi ndi mafuta, zimasintha moyo, koma kwa dziko lomwe zosowa zikuluzikulu zinakwanira kale, matani oonjezera sabweretsa kukhutira kofanana ndi kuchuluka kwake. Kuti muzione nokha sipafunika ukatswiri, chifukwa mukaloza kadontho dzina la dziko ndi manambala ake zimaoneka pomwepo, ndipo mungasunthe zaka kuti muone mmene dzikolo layendera.

Vuto n'loti tchati cha zinthu ziwiri chimanyengerera munthu kuganiza kuti chimodzi ndicho chikuchititsa chinzake. Palibe amene amasangalala chifukwa cha utsi. Chomwe anthu amafuna ndi magetsi m'nyumba, chipatala chokhala ndi firiji yosungira katemera, mayendedwe odalirika ndi ntchito yolipira bwino, ndipo kwa zaka zambiri zinthu zimenezi zakhala zikudalira malasha, mafuta ndi gasi. Lipoti lomwe lija limafotokoza kusiyana kwa maiko potchula chuma, thanzi, kukhala ndi munthu womudalira pa mavuto, ufulu wosankha, kuwolowa manja ndi mmene anthu amaonera katangale, ndipo zambiri mwa izi sizifuna kuotcha chilichonse. Dziko la Sweden linaika msonkho pa mpweyawu mu 1991, magetsi ake ambiri amachokera ku madzi, nyukiliya ndi mphepo, mpweya wake wakhala ukutsika, koma likadali m'gulu la maiko khumi okhutira kwambiri. Nkhani zoterezi kadontho sikangazifotokoze, ndipo wowerenga ayenera kuzifufuza m'masamba ena.

Pali chinthu chinanso chomwe ndikanakonda kuti aliyense achidziwe asanayambe kuyamikira maiko olemera omwe akuoneka aukhondo. Manambala omwe ndatchulawa ndi a mpweya wotuluka mkati mwa malire a dziko, kutanthauza kuti foni kapena chitsulo chopangidwa ku China n'kukagulitsidwa ku Ulaya chimawerengedwa ngati mlandu wa China. Dziko la Switzerland, mwachitsanzo, limaoneka lotulutsa mpweya wochepa, koma mukawerengera katundu yemwe limagula kunja, chiwerengerocho chimakwera kuposa kawiri. Ubwino wake n'woti Our World in Data ili ndi matchati apadera owerengera mpweya motsatira zomwe anthu amagula, ndipo ndikulangiza kuti muziwatsegula pambali nthawi zonse. Muyeneranso kuwerenga timawu tating'ono ta pamwamba ndi pansi pa tchati, chifukwa ndi momwe amanena ngati mpweya wochokera ku kudula nkhalango wawerengedwa kapena ayi, zomwe zimasintha kwambiri chithunzi cha maiko monga Brazil ndi Indonesia.

Kadontho kamodzi kamabisanso kusiyana kwa anthu a m'dziko lomwelo, popeza wokwera ndege mwezi ndi mwezi ndi woyenda pansi moyo wake wonse amagawanidwa matani ofanana. Tsambali linalembedwa m'Chingerezi, ndipo zimenezi zimasiya kunja owerenga ambiri. Aphunzitsi, atolankhani ndi ophunzira apindula nalo kwambiri, makamaka chifukwa limalola kutsitsa tchati ngati chithunzi, kapena manambala onse ngati fayilo, n'kuzigwiritsa ntchito mwaulere bola mutchule komwe mwazitenga.