Resident Evil 2 ya PS1, ya N64 ndi ya 2019: ma cheat aulere ali kuti?

Anzanga akhala akundivutitsa ndi funso limodzi lomweli, eti pa magemu a Resident Evil 2 onsewa, ya PS1 (PlayStation yoyamba), ya N64 (Nintendo 64) ndi yokonzedwanso ya 2019, asewere iti, ndiye ndiyankhe pano kamodzi basi. Za magrafiki sindinenapo zambiri, aliyense ali ndi maso, ya 2019 yawina. Ine nkhani yanga ndi ma cheat.

Ya PS1 ija ya January 1998, ya ma disc awiri, ina Leon ina Claire, imene anatsogolera Hideki Kamiya, imafuna thukuta. Ukafuna rocket launcher yosatha zipolopolo umalize scenario yoyamba pasanathe maola awiri ndi theka ndi giredi yabwino, Hunk, msilikali wobisika amene umatha kusewera naye, umampeza ukakhoza giredi A pa ma scenario onse awiri (ulendo woyamba, A, ndi wachiwiri, B), ndipo Tofu, kachidutswa ka soya koyenda ndi mpeni kaja, ndiye ntchito yake ndi yoposa pamenepo. Koma chenjerani, pa PS1 pali mitundu iwiri. Kumapeto kwa 1998 komweko kunatuluka Dual Shock Version, ndipo imeneyi ndi imene ili ndi kodi: ulowe mu key config, ugwire R1 n'kudina Square ka 10, mawu a pa screen akafiira ndiye kuti zipolopolo sizikutheranso. Muli kagemu kowonjezera ka Extreme Battle, mulinso Rookie mode yoyamba ndi mfuti yosatha. Ine wogulitsa wina anandipatsa disc akulumbira kuti ndi Dual Shock, kufika kunyumba kudina Square mpaka chala kuwawa, osafiira kanthu, inali yoyamba ija. Muziyatsa kaye muone title screen musanapereke ndalama.

Ya N64 ya 1999 ndiye mfumu ya makodi. Angel Studios anapanikiza ma disc awiri mu cartridge imodzi ya 64MB, ma video akuoneka ofooka pang'ono inde, koma pa load screen ukangodina mabatani motsatana umapeza kusafa, zipolopolo zosatha, ngakhale Hunk osavutikira. Vuto lake kupeza makinawo ndi cartridge.

Tsopano ya 2019, apa ndi pamene pamandiwawa. Gemu ndi yabwino, sindikana, Mr. X, chimdani chachikulu chija, akamakutsata mu police station ya Raccoon City mapazi ake akumveka chipinda chapafupi mtima umachita kuthamanga. Koma kodi ya mabatani mulibemo ngakhale imodzi. Ukafuna rocket launcher yosatha ya Leon kapena minigun ya Claire uyenera kupeza giredi ya S+ pa Hardcore, level yovuta kwambiri, kutanthauza kusevesa kosapitirira katatu komanso kumaliza mkati mwa maola awiri ndi theka, pa 2nd run ndi maola awiri okha. Chabwino, amene ali ndi luso achite. Koma kenako Capcom, eni ake gemuyi, anatulutsa DLC (chowonjezera chodawunilodi padera) ya All In-game Rewards Unlock pa $4.99, ukalipira zonse zija zimangotseguka. Ndiye taganizani, chinthu chimene tinkakopera kuchokera m'magazini n'kulemba kumbuyo kwa kope la kusukulu, kuuzana ulere ndi anzathu, lero achiika pa sitolo ndi mtengo. Gemu wagula kale ndi ndalama zambiri, data wawononga kuidawunilodi, kenako akuti onjezera tikutsegulire zomwe zili kale mkatimo. Ena amati ndi ndalama yochepa ndipo palibe akukukakamiza, zoona, koma ineyo zimandinyansabe basi, chifukwa ngati anatha kupanga batani lotsegula zonse ndiye kuti akanathanso kuliika ngati kodi, anangosankha kuligulitsa.

Pa nkhani ya ma scenario A ndi B yakale ndiye imaposa, zimene wachita ndi Leon zimakhudzadi Claire, ukatenga submachine gun kapena side pack mu locker mnzakoyo sakaipeza. Ya 2019 ma run awiriwo amangofanana kwambiri. Ma control ndiye yatsopano, akale aja oyendetsa munthu ngati tank ana a masiku ano sangawapirire.

Ndiye ngati simunaseweko RE2 n'komwe yambani ndi ya 2019, koma DLC ija musagule, limbanani ndi Mr. X nokha. Amene mukufuna kuphulitsa ma Licker, zilombo za lilime lalitali zija, mwaulere usiku wonse, sakani Dual Shock Version. Ine ndili komweko, ndipo sindikusuntha.