Silikoni, denga latsopano kapena hardtop: kuthana ndi MX-5 yolowa madzi chisanu chisanafike

Chibwerereni ku Glencoe, chigwa cha m'mapiri a ku Scotland, mu Januwale, anzanga atatu a kuno ku Manchester, ku England, andifunsa funso limodzimodzi, ndipo mmodzi wa iwo wandifunsa kawiri. Akufuna kudziwa chimene munthu angachite ndi Mazda MX-5 yakale, galimoto yaing'ono ya denga lopindika, imene ikulowa madzi ngati akufuna kuyenda nayo ulendo wautali m'nyengo yozizira: amate ndi silikoni pamene pakudonthapo, agule denga lansalu latsopano, kapena asakesake denga lolimba lija amalitcha hardtop. Njira zitatu zonsezi ndinaziyesa pa galimoto imodzi, ndipo ndinayambira kolakwika, moti ndalama zambiri ndinazitaya pa chinthu chimene sichinali gwero la vuto.

Galimoto yanga ndi ya 1996, ya mtundu woyamba uja wa nyale zotukuka, umene unapangidwa kuyambira 1989 mpaka 1997. Zimene ndilembe pano zikukhudzanso mtundu wachiwiri wa 1998 mpaka 2005, chifukwa madenga a mitundu iwiriyi anapangidwa mofanana kwambiri. Za injini ndi liwiro sindinenapo kanthu, poti aliyense amene ali nayo amazidziwa kale. Chimene ambiri sadziwa pogula ndi chakuti galimoto ya zaka zochuluka chonchi, imene imagona panja pa mvula ya kuno yosakata ngati chiperoni cha ku Thyolo, imasunga madzi m'malo amene maso safikako. Ine ndinazindikira mochedwa, magalasi atayamba kuchita nthunzi m'kati m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lina nditapisa dzanja kuseri kwa mpando ndinapeza kapeti itanyowa ngati chisanza chokolopera.

Silikoni sindichedwapo. Ndi yotchipa, imapezeka paliponse, ndipo imakupatsani mtima woti mwagwira ntchito, koma pa denga limene limapindidwa ndi kutambasulidwa imamatuka pasanathe milungu ingapo, kenako imasiya zotsalira zimene zimalepheretsa labala watsopano kukhala bwino. Ndinaipaka m'mphepete mwa mawindo onse awiri ndipo kapeti sinaume ngakhale pang'ono. Chimene chimathandizadi pa malabala a m'mbali mwa mawindo ndi kuwatsuka, kuwapaka mafuta ofewetsa labala, ndi kuonetsetsa kuti zokowera ziwiri za kutsogolo zikukoka denga mokwanira.

Denga latsopano ndi limene linandipweteka, ndipo ndikhalitsapo chifukwa ndi kumene anthu ambiri amathamangira. Maganizo anga anali a munthu aliyense amene anakulira m'nyumba ya udzu: madzi akalowa ndiye kuti denga latha, ndipo mankhwala ake ndi kufoleranso. Denga langa linalidi lotopa, zenera lake lapulasitiki linali litachita chikasu moti kumbuyo sindinkaona bwino, choncho ndinaimbira foni galaja ina imene sinditchula dzina, ndipo anandiuza mtengo umene ndinauona kuti ndi wabwino. Ndinasankha nsalu ya mohair m'malo mwa vinilu, ndipo pa chisankho chimenecho sindidandaula, chifukwa vinilu imauma gwa kukazizira, imavuta kukowetsa, ndipo zenera lapulasitiki likhoza kung'ambika mukalipinda m'mawa wachisanu, pamene mohair imakhalabe yofewa.

Vuto linabwera pa tsiku lokatenga galimoto. Pepala limene anandipatsa linali ndi mizere itatu imene sinatchulidwe pa foni. Woyamba unali wa rain rail, ngalande yapulasitiki imene imazungulira kumunsi kwa denga kumbuyo kwa mipando n'kumalandira madzi onse otsetsereka pa nsalu. Anandiuza kuti yakale inathetheka poichotsa, zimene ndi zoona chifukwa pulasitiki ya zaka zambiri imauma n'kumasweka, koma ngati aliyense wodziwa ntchitoyi amadziwa kuti ngalandeyi kawirikawiri imasinthidwa pamodzi ndi denga, n'chifukwa chiyani sanaiike mu mtengo woyamba? Mzere wachiwiri unali wa maola owonjezera chifukwa cha manati amene anagwira dzimbiri. Wachitatu unali msonkho wa VAT wa 20 peresenti, umene unawerengedwa pa zonse pamodzi. Nditaphatikiza, ndinalipira ndalama zoposa kwambiri zimene ndinakonzekera, ndipo ndinalipira mosatsutsa poganiza kuti basi nkhani ya madzi yatha.

Patapita masiku anayi kunagwa mvula usiku wonse, ndipo m'mawa kapeti inali yonyowa monga kale, mbali yomweyomweyo. Nditabwerera ku galaja kuja, mkulu wake anandiyankha mwaulemu kuti chitsimikizo chawo ndi cha denga ndi kasokedwe kake, ndipo denga silikudontha. Kunena chilungamo, sananame. Chimene sindinawakhululukire mpaka lero ndi chakuti denga lonse linali litachotsedwa, mabowo otulutsa madzi anali poyera pamaso pawo, ndipo palibe amene anaganiza zothiramo kapu imodzi ya madzi kuti aone ngati akutuluka pansi, ntchito yosatenga mphindi zisanu. Ine ndinali nditawauza momveka kuti chimene chandibweretsa ndi madzi olowa m'galimoto.

Gwero lenileni anandionetsa ndi bambo wina wachikulire amene amaimika MX-5 yake pafupi ndi kwathu. Madzi amene ngalande ija yalandira amapita ku mabowo awiri, limodzi mbali iliyonse, kuseri kwa mipando pafupi ndi pamene lamba wa mpando amachokera, ndipo kuchoka pamenepo amatsika m'paipi n'kutulukira pansi, kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Masamba, fumbi ndi ndere zimatseka mapaipi amenewa pang'onopang'ono. Akatsekeka, madzi amasefukira pa kapeti, ena amapita kubuti kumene kuli batire, ndipo ena amalowa m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko n'kukhala mmenemo. Bamboyo anabweretsa burashi yaitali yopindika, yotsukira chitoliro choimbira chotchedwa trombone, anatukula denga mpaka theka, n'kuilowetsa m'bowo mosamala, akuitembenuza pang'onopang'ono. Poyamba sipanachitike kanthu, kenako pansi pa galimoto panagwa chimbulu cha matope akuda onunkha ngati a m'dambo, ndipo pambuyo pake madzi anatsanuka kwa nthawi ndithu mpaka kuyenderera mumsewu. Mbali inayo inali yotsekeka pang'ono chabe. Burashi imeneyo mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wa chakudya chamasana cha munthu mmodzi.

Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kunyowa kwa kapeti. Madzi okhala m'zitsulo za m'munsi amadya galimoto kuchokera m'kati, moti mukamaona penti ikutupa kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, dziwani kuti m'katimo dzimbiri lapita kale patali. Kunja nako misewu ya kuno imathiridwa mchere nyengo yonse yozizira, ndipo mcherewo umamatirira pansi pa galimoto. Pa mayeso a MOT a chaka ndi chaka, oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, dzimbiri lalikulu limene lili pasanathe masentimita 30 kuchokera pamene pamangidwa lamba wa mpando kapena zitsulo zogwira matayala limalepheretsa galimoto, ndipo kuwotcherera malo amenewo bwinobwino kumadya ndalama zoposa za denga. Yanga inapulumuka mbali ya kumanzere, koma ya kumanja anaidula n'kuikamo chitsulo chatsopano. Pansi pa zitsulo zomwezo palinso timabowo ting'onoting'ono totulutsa madzi, timene timaphwanyika anthu akamaika jeke pamalo olakwika, ndipo nato n'tofunika kutitsegula.

Tsopano ndifike pa hardtop, imene ndimaikonda ndipo sindibisa. Ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito, ya mtundu wofiira pamene galimoto yanga ndi yobiriwira, ndipo ndinasiya kuchita nazo manyazi pa sabata yoyamba. Ubwino wake woyamba ndi wakuti denga limodzi limakwana pa galimoto za 1989 mpaka 2005, choncho si losowa. Wachiwiri ndi galasi lenileni lalikulu lakumbuyo, limene pa madenga ambiri lili ndi mawaya otenthetsa, ndipo munthu amene wayendapo pa msewu waukulu wa M6 mumdima ndi mvula, malole akumuwaza madzi mbali zonse, amadziwa kufunika kwa kuona kumbuyo. Wachitatu ndi phokoso: pa msewu waukulu mukhoza kucheza ndi mnzanu popanda kukuwa, ndipo kutentha kwa m'kati sikuthawa msanga. Chipale chofewa chikaunjikana pamwamba usiku, simuda nkhawa kuti nsalu itambasuka kapena misoko ilekana.

Nayonso ili ndi ndalama zake zobisika, ngakhale kuti izi wogulitsa anandichenjeza ndisanalipire, ndipo mwina n'chifukwa chake sindizisungira chakukhosi. Galimoto imene sinakhalepo ndi hardtop imafuna zitsulo zokowerapo m'mbali ndi mabawuti awiri apadera a kumbuyo, ndipo kuti galasi lizitentha pamafunika waya wake, amene si galimoto zonse zili naye. Malabala a denga lakale amakhala atauma, ndipo atsopano si otchipa. Akuba amalikonda denga limeneli chifukwa limachoka m'mphindi zochepa, choncho ndi bwino kuika mabawuti okhoma ndiponso kudziwitsa a inshuwalansi. Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 20, koma ndi lalikulu moti simungalinyamule nokha popanda kukanda penti. Apa mawu a akuluakulu akuti mutu umodzi susenza denga amakwanira ndendende. Komanso denga lansalu limakhala lopindidwa pansi pake miyezi yonseyo, ndiye mukalipinda lili lonyowa mudzalipeza litachita nkhungu.

Chimene ndikufuna kuti anzanga amvetse ndi chakuti hardtop siitsegula mapaipi otsekeka. Imachepetsa madzi opita ku ngalande, koma ena amalowabe, ndipo munthu amene waiika pamwamba pa mapaipi odzaza matope wangobisa vuto kuti lizikula mwakachetechete.

Ulendo wa ku Glencoe ndi umene unandipatsa yankho. Tinanyamuka m'mamawa, tinadutsa M6 ndi M74 mpaka Glasgow, kenako A82 m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, ndipo pofika pa chidambo chachikulu cha Rannoch Moor mvula inali itasanduka chipale chofewa chowuluka chopingasa. Ku Scotland nyengo imeneyi dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, choncho gawo lomaliza tinaliyenda mumdima. Galimotoyo inagona panja mausiku atatu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapisa dzanja kuseri kwa mpando monga ndinazolowerera, n'kupeza pouma. Chinthu chimodzi chokha chinandiwawa: tsiku lachiwiri kunacha bwino, kumwamba kuli mbee, mapiri onse ali oyera, ndipo tinakumana ndi MX-5 ina denga lili pansi, mwini wake atavala chipewa chaubweya, pamene ine ndinali wotsekeredwa m'denga la hardtop limene simungalichotse muli panjira. Chotenthetsera cha galimoto zimenezi ndi champhamvu moti kuyenda chotsegula m'chisanu n'kotheka ndithu, ndipo pa mfundo imeneyi denga lansalu limapambana popanda mkangano.

Pali kudontha kwina kumene sikukhudza denga koma kungakusiyeni panjira pa ulendo ngati umenewu. Pa mtundu woyamba, kumbuyo kwa injini kuli sensa, kachipangizo koyeza kazungulidwe ka injini, imene ili ndi kamphete kalabala, ndipo kakauma oyilo amadonthera pa mapaipi a madzi opita ku chotenthetsera n'kuwafewetsa mpaka kuphulika. Kampheteko n'kotchipa kwambiri, ndipo ndi bwino kukasintha pamodzi ndi mapaipiwo. Rediyeta nayo ili ndi mutu wapulasitiki umene umayamba uli wakuda, ndipo ukasanduka wabulauni ndiye kuti watsala pang'ono kung'aluka. Mankhwala a m'botolo othira mu rediyeta kuti atseke podontha ndimawaika m'gulu limodzi ndi silikoni. Za matayala ndingonena kuti galimotoyi ndi yopepuka, imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo matayala a chilimwe amayamba kuuma kukazizira mpaka pansi pa madigiri 7 Celsius.

Kwa mnzanga amene wandifunsa kawiri, yemwe galimoto yake ndi ya mtundu wachiwiri ndipo ili kale ndi galasi lenileni lotenthetsa pa denga lansalu, ndinamuuza kuti asagule chilichonse asanathire madzi m'mabowo awiri aja n'kugwada kuti aone ngati akutuluka pansi. Ngati akutuluka koma kapeti ikunyowabe, ayang'ane ngalande, ndipo denga latsopano aligule pokhapokha nsalu itang'ambika kapena misoko italekana, atalembetsa papepala kuti mtengowo ukuphatikiza rain rail, ntchito yonse ndi VAT. Kwa amene ali ndi mtundu woyamba wa zenera lapulasitiki ndipo akufuna kuwoloka mapiri pa misewu ya Snake Pass kapena A66 mu Disembala, ine ndimasankha hardtop mosazengereza. Yanga ndimaiika kumayambiriro kwa Novembala n'kuichotsa mu Epulo, ndipo miyezi yotsalayo imaima pa bulangete m'khonde la m'nyumba, pamene mayi a kunyumba amaizungulira tsiku lililonse popita kukhitchini.