Ndemanga: kudya mopanda nyama pa lesitilanti ina ya nsima ku Ginnery Corner

Nyenyezi zinayi mwa zisanu kwa mlendo wosadya nyama ndi nsomba, koma zitatu zokha kwa wa vegan, amene sakhudza ngakhale mkaka ndi mazira. Malo ake ndi lesitilanti ya nsima wamba, chakuseri pang'ono kwa msewu wa Masauko Chipembere, komwe masana kumadzaza ogwira ntchito ku chipatala cha Queen Elizabeth ndi ophunzira a ku yunivesite ya MUBAS. Ndemangayi yachokera pa nkhomaliro khumi zomwe zinadyedwa pamalopa m'masabata atatu, pamodzi ndi alendo a magulu onse awiri. Chakudya chopanda nyama chilipo tsiku lililonse, ndipo chimakoma kuposa mbale ya ndiwo zamasamba ya kuhotela yomwe mtengo wake umakuwawa pamtima. Vuto lili pa zinthu ziwiri, msuzi ndi chipande.

Tiyambe ndi mawu, chifukwa ambiri amagwa asanakhale n'komwe pampando. Mukangonena kuti "mlendoyu sadya nyama", woperekera zakudya amayankha ndi mtima wabwino ndithu kuti, "Ndiye tiwapatse nkhuku kapena chambo?" Si mwano ayi. Kwathu kuno nyama ndi ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Nkhuku ndi nkhuku, usipa ndi usipa, ndipo msuzi sauwerengera n'komwe. Kunena kuti "amadya ngati a Seventh Day" sikuthandizanso kwenikweni, poti a mpingowu ambiri amasala nkhumba ndi mlamba koma nkhuku ndi ng'ombe amadya. Mawu omwe anagwira ntchito pamalopa ndi awa: "Achemwali, mlendoyu sadya nyama, nkhuku, nsomba, usipa, ngakhale msuzi wake. Muwapatse nyemba ndi masamba basi, ndipo mupakulire ndi chipande china." Kwa wa vegan onjezerani mazira, mkaka, majarini ndi mayonezi, chimodzichimodzi, mosathamanga. Ndi bwinonso kuti mawuwa akafike kwa amayi ophika eniake, chifukwa uthenga wodutsa pawindo la kukhitchini nthawi ya piringupiringu umafika utaduka mchira.

Nyemba ndizo zimanyamula lesitilantiyi. Ndi zofiira, zimanyikidwa m'madzi usiku wonse, n'kuwira pa makala kwa maola pafupifupi awiri, kenaka n'kuthiridwa anyezi ndi tomato wokazingidwa payekha m'mafuta ophikira. Zimapsa mpaka mkati popanda kusanduka phala, ndipo msuzi wake ndi wokhuthala chifukwa ophika amatswanya pang'ono ndi mthiko asanaphule. Kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 1 koloko nyembazi zimakhala zilibe kanthu ka nyama. Ikadutsa 1:30 nkhani imasintha. Poto akayandikira pansi anthu akadali pamzere, nyemba zimauma, ndipo chomwe chili pafupi ndi dzanja la wophika ndi msuzi wa ng'ombe wotsala m'poto wina. Amathiramo chipande chimodzi kapena ziwiri kuti zichuluke. Kwa makasitomala ena umenewu ndi mwayi, ena mpaka amachita kupempha. Kwa mlendo wanu ndi chakudya chowonongeka.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Tapani msuzi pang'ono muupake m'mphepete mwa mbale, mudikire. Mafuta a mpendadzuwa kapena a soya amakhalabe amadzi ngakhale atazizira, pomwe mafuta a ng'ombe amagwirana n'kusiya kachigamba koyera konga kandulo. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikamawomba, kachigambako kamaoneka pasanathe mphindi zitatu. Mukalawa, mafuta a ng'ombe amamata kumwamba kwa m'kamwa. Masiku awiri mwa khumi aja nyemba zinalephera mayeso amenewa, ndipo masiku onse awiri mbale inaitanitsidwa itakwana 2 koloko.

Chipande nacho ndi nkhani yakeyake. Patebulo lopakulira pali mapoto asanu ndi limodzi koma zipande zitatu, ndiye chimodzi chimayenda kuchoka mu nkhuku kupita mu nyemba n'kukathera mu kabichi. Mukapempha amatsuka china mosanyinyirika, koma muyenera kupempha ulendo uliwonse, ngakhale atakuzolowerani nkhope. Ndipo yang'anirani dzanja lomaliza lija. Pali chizolowezi chabwino chakwathu chothira kamsuzi ka nyama pamwamba pa mpunga kapena nyemba ngati bonasi, ndipo dzanja limachita lokha mutu usanaganize.

Pa masamba ndi pomwe malowa amaposa anzawo. Nkhwani wotendera amaphikidwa mwaluso: amasadzulidwa bwino moti simupeza ulusi m'mano, amadulidwa mopyapyala, amawira m'madzi ochepa ndi tomato, ndipo nsinjiro zimathiridwa pamwamba n'kuvundikira kwa mphindi zingapo asanatakase. Kutakasa msanga n'kumene kumachititsa kuti nsinjiro zigwire pansi pa poto n'kununkha chopserera, ndipo pano sizinachitike ngakhale kamodzi. Nsinjiro zake n'zosinja okha, zosefedwa, zopanda kafungo ka chuku kamene kamatuluka mtedza ukasungidwa ponyowa. Mbale imeneyi ilibe mafuta ena, ilibe mkaka, ndi ya vegan kuyambira kalekale dzinalo lisanafike kuno. Chigwada chimapezeka masiku ena okha, chosinjidwa mumtondo n'kuphikidwa nthawi yaitali monga chiyenera kukhalira, pakuti masamba a chinangwa osapsa bwino ali ndi poizoni. Bonongwe ndi chisoso zimabwera malinga ndi zomwe zatsika ku Bvumbwe m'mawa umenewo. Mlendo muzimuchenjezeratu kuti chisoso chili ndi kafungo kakekake, ena amachikonda pa ulendo woyamba, ena amangochiyang'ana.

Chodandaulitsa pa masamba ndi soda. Mu therere soda ndi mwambo wake, palibe angatsutse. Koma pano amathiranso mu mpiru ndi mu repu kuti zifewe msanga ndi kuoneka zobiriwira. Zotsatira zake masamba amaterera, amamveka ngati sopo kumapeto kwa lilime, ndipo soda amawononga ena mwa mavitamini omwe munthu wodalira masamba akuwafuna. Kabichi ndi chayinizi n'zokazinga wamba, zamafuta ambiri, palibe chonena.

Nyama ya soya, imene aliyense amathamangira kupatsa munthu wosadya nyama, ndiyo yokayikitsa kwambiri pamalo ano. Yokhayo ilibe vuto, ndi soya weniweni, ndipo ikakhala youma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Kaphikidwe koyenera ndi kuinyika m'madzi otentha kwa mphindi khumi, kuifinya mpaka madzi atheretu, kuikazinga mpaka ifiire m'mbali, kenaka tomato ndi anyezi. Pano amainyika nthawi yaitali osaifinya mokwanira, ndiye imatafunika ngati siponji. Choipa koposa, amaikazingira m'mafuta omwe atsala pokazinga nkhuku, dala, kuti imveke ngati nyama. Amathiramonso zokometsera za m'mapaketi zolembedwa kuti ng'ombe kapena nkhuku, zomwe munthu sangadziwe zili m'kati mwake popanda kuwerenga paketiyo. Mlendo wosamala kwambiri aisiye.

Chipisi aisiyenso. Chiwaya ndi chimodzi, mbatatesi pakati, ziwalo za nkhuku ndi soseji m'mbali, mafuta ake omwewo. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta ophikira anakwera mtengo moti palibe wogulitsa amene angayatse chiwaya chachiwiri chifukwa cha kasitomala mmodzi. Izi si za pano pokha, ndi mmene zilili pa ziwaya za ku Ndirande, ku Wenela ndi ku Limbe komwe.

Nsima ndi ufa ndi madzi basi, choncho palibe chodetsa nkhawa. Imabwera mitanda iwiri ya ufa woyera, yotentha, yosalala. Ya mgaiwa imapezeka mukanena m'mawa, ndipo ndi yomwe tingalangize, chifukwa gaga amene amachotsedwa pokonola ndiye amanyamula zofunika zambiri m'thupi. Chimanga ndi nyemba zimathandizana, chomwe chikusowa mu mapuloteni a chimanga chimapezeka mu nyemba, kotero mbale ya nsima, nyemba ndi nkhwani wotendera ndi chakudya chokwanira ndithu. Kungoti kambale ka nyemba n'kakang'ono, kanapimidwa ngati kothandizira nyama. Itanitsani mbale ziwiri za nyemba. Ngakhale mutero, ndalama yake siifika pa mtengo wa nkhuku ya lokolo. Madzi osamba m'manja ndi ofunda ndipo sopo alipo. Mlendo amene sanazolowere kutema nsima yotentha ndi zala amapatsidwa foloko popanda womuseka, ngakhale maso a patebulo loyandikana sangalephere kuba pang'ono.

Mpunga ndi wonunkhira, wa Kilombero, koma amauthira majarini ukamapsa kuti usamatane. Kwa wosadya nyama palibe vuto. Kwa wa vegan lilipo, popeza majarini ambiri amakhala ndi kamkaka pang'ono. Poto ndi mmodzi wa anthu onse, ndiye mpunga wopanda majarini umafuna kuitanitsiratu. Saladi ya kabichi ndi karoti ili ndi mayonezi, kutanthauza mazira. Kachumbari ndi tomato, anyezi, kambuzi, mchere ndi mandimu, amadulidwa pomwepo mukaitanitsa, ndipo amadzutsa nyemba bwino kwambiri. Komabe ndi zosaphika, ndipo aliyense amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023 mu mzinda uno akudziwa kuti nyengo ya mvula m'mimba mwa mlendo si moyesera. Botolo la Nali lili patebulo lililonse. Muuzeni ayambe ndi dontho limodzi.

Chakudya cha m'mawa n'chofooka. Tiyi amawiritsidwa kale ndi mkaka m'ketulo yaikulu, ndipo wopanda mkaka amatenga mphindi khumi chifukwa amayamba kuteleka madzi ena. Mandasi ake ali ndi mazira ndi mkaka. Buledi amabwera atapakidwa kale majarini ngati simunanene. Chopulumutsa ndi mbatata yophika kapena chinangwa, ndipo tsiku lomwe kuli futali, mbatata yophikidwa ndi nsinjiro, mlendo wanu wapata. Thobwa la m'firiji ndi la chimera ndi shuga, lilibe mkaka, ndipo limagwira m'mimba mpaka masana.

Nyengo imasintha zambiri. Miyezi yozizira kumakhala nandolo wamuwisi, ndiwo ya kuno kummwera yomwe mlendo sangaipeze mosavuta kwawo, ndipo pano amamuphika ndi tomato ndi anyezi basi, wotsekemera mwachibadwa. Mvula ikagwa kumabwera bowa ndi nkhwani wanthete. Bowa ameneyu amakoma kuposa chilichonse pa menyu, koma funsani ngati waphikidwa payekha, poti nthawi zina amamusakaniza ndi nyama. Cha m'ma October masamba amachepa, mbale imatsamira pa kabichi ndi mfutso, ndipo mfutso wosanyikidwa bwino umakhala ndi mchenga. Dziwaninso kuti ngumbi zikatuluka wina adzazibweretsa patebulo mwaulemu wonse, n'kunena kuti izi si nyama.

Madzulo lesitilantiyi musaidalire. Ikamakwana 5 koloko mapoto a nyemba ndi masamba amakhala atatsukidwa, chotsala ndi nkhuku yokazinga ndi chipisi. Apa mlendo amathandizika ku malo odyera a amwenye a m'tauni ndi ku Limbe, komwe kusadya nyama si chinthu chachilendo ndipo mphodza, tchana ndi mabiringanya zimaphikidwa m'mapoto akeake. Wa vegan asamale komweko, chifukwa mawu oti "veg" kwa amwenye amaphatikiza mkaka: ghee ndi mafuta a mkaka, paneer ndi tchizi, buledi wa naan nthawi zambiri amakandidwa ndi yogati n'kupakidwa batala. Chapati chouma chopanda ghee ndicho chotetezeka, ndipo muyenera kutchula. Ku malo a zakudya za Chitchaina msampha ndi sosi wa nsomba ndi wa oyster (nkhono za m'nyanja) mu ndiwo zamasamba, komanso dzira mu mpunga wokazinga. Zipatso gulani nokha ku msika wa Blantyre kapena wa Limbe: nthochi ndi mapapaya nthawi zonse, mango kumapeto kwa chaka, mapeyala mvula ikamapita kumapeto, nanazi wa ku Mulanje. Peyala limodzi lalikulu patebulo la nsima ndi nyemba limasintha nkhomaliro yonse, ndipo eni malowa saletsa kubwera nalo. Wa vegan amene akhale miyezi ingapo abwere ndi mapiritsi ake a vitamini B12, chifukwa nsima, nyemba ndi masamba sizimupatsa ameneyu.

Ngati alendo ndi opitirira atatu, pitani kapena tumizani munthu ku lesitilanti ya nsima ija isanakwane 10 koloko m'mawa, mulipiriretu pang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mupemphe kuti nyemba ndi masamba awo apatulidwe m'kapoto kena, mpunga wopanda majarini, nsima ya mgaiwa. Akalandira uthenga nthawi imeneyo amachitadi, ndipo kapotoko amakaika pambali ndi chipande chakechake. Za take-away bwerani ndi makontena anu awiri otseka bwino, chifukwa mabokosi awo ali ndi zipinda zosazama, ndipo mukanyamula pamodzi ndi a anzanu odya nkhuku mu jumbo imodzi, msuzi umadutsa pa hampu yoyamba.