Miyezi 8 chikonzereni njinga yokana kulira: zomwe zagwira ndi zomwe zinangodya ndalama

Njingayi ndi yamoto, yakale, ya 150cc, injini ya mtundu wa CG ija imene a Honda anayamba kupanga mu 1975, yomwe njinga zambiri za kabaza muno mu Mzuzu zinatengerako. Inakonzedwa mu Novembala mvula ikuyamba, itakana kulira ndi sitata ndi kiki yomwe. Pano ndi Julaye. Yadutsa dzinja lonse, matope a ku Mchengautuwa ndi chifunga cha m'mawa wa Juni, ndiye tsopano zikuoneka kuti mwa zonse zinasinthidwa, chinachiza ndi chiti.

CDI yatsopano, kabokosi kamene kamachititsa kuti pulagi itulutse moto, inali kutaya ndalama. Pulagi sinkatulutsa moto, ndipo monga mwa chizolowezi mlandu unagwera kabokosi kameneka. Koma yakale ija itabwezeretsedwa mu Januwale, njinga inalira ndipo ikuyendabe nayo mpaka lero. Vuto linali waya wakuda wa mzere woyera, wochokera ku kiyi ndi ku batani lozimitsira. Ntchito ya waya ameneyu ndi kugundanitsa CDI ndi chitsulo cha njinga kuti moto uzime. Madzi akalowa m'batani la pachiwongolero, kapena waya akasupuka pakhosi pa njinga pamene pamapindika tsiku lililonse, amazimitsa injini ngakhale kiyi ali pa ON. Kuyesa kwake n'kwaulere: zulani waya yekhayo pa CDI, gunditsani pulagi pa injini, menyani kiki. Moto wabuluu ukabwera, CDI ilibe mlandu. Izi ndi za CDI yotenga magetsi ku magineto, yomwe imalira ndi kiki ngakhale batire itafa. CDI ya mtundu wina imadalira batire, ndipo pamenepo muyambire pa fyuzi.

Chomwe chagwira kuposa zonse ndi mavavu. Anali atathina mpaka kiki imangotsika yofewa ngati mukuponda siponji. Vavu ikathina siitseka bwino, mpweya umathawa, ndipo m'mawa wozizira injini siigwira ngakhale mutamenya kiki mpaka thukuta. Mpata wa onse awiri unachunidwa pa 0.08 mm, injini itazizira usiku wonse, chizindikiro cha T pa magineto chitalunjika pakamzere ndipo timikono tonse tiwiri tokankha mavavu tikugwedera. Atayezedwanso mu Marichi, ya ku ekizozi inali itayambanso kuthina pang'ono, ya kolowera mafuta ili bwinobwino. Anzanga akabaza, ndinu amene mumapempha makaniko kuti athinitse mavavu pofuna kuti njinga ikhale chete. Musatero. Kakulira ka tiki-tiki kapang'ono n'kabwino. Kukhala zii ndi kumene kumapsereza vavu.

Nkhani ya kabuleta ndiyo yaitali, ndipo siinathe. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyontho. Kuno mvula imagwa mpaka mochedwa, mame ndi ambiri, thanki yokhala ndi petulo wa pansi penipeni imachita thukuta m'kati. Madzi ndi olemera kuposa petulo, amakakhala pansi pa kambale ka kabuleta, pamene jeti yaing'ono, kachitsulo ka kabowo kodutsa petulo, imayamwapo. Njinga imalira pang'ono ndi choko, mukabweza choko n'kuzima. Mu Febuluwale vutoli linabwerera njinga itaima masabata awiri. Pomasula kasikulu ka pansi pa kambale n'kukhetsera mu botolo loyera, timadontho tamadzi tinkagudubuzika pansi ngati mikanda, pamodzi ndi fumbi lofiira la dzimbiri la m'thanki. Jeti yaing'onoyo, poiyang'anitsa kudzuwa, kabowo kake sikankaoneka. Inatsegulidwa ndi kachingwe kamodzi ka kopa kochokera m'waya wamagetsi. Singano musalowetsemo: imakulitsa bowo, njinga n'kuyamba kumwa mafuta ndi kudetsa pulagi.

Kuchokera pamenepo kambale kamakhetsedwa kamodzi pa masabata awiri, kampopi ka petulo kamatsekedwa usiku uliwonse, ndipo vutoli silinabwerenso. Koma gwero lake likadalipo, chifukwa thanki yadzimbiri siinatsukidwe. Kafyuluta koonekera m'kati koikidwa pa paipi kathandiza kugwira zinyalala, ngakhale koyamba kanang'aluka patapita miyezi inayi chifukwa kanali kokhudza injini. Kachiwiri kanasendezedwa kutali ndi kutentha, kali bwino. Madzi kokha sikagwira, musakadalire pa zimenezo. Ndipo amene mumagula petulo wa m'zigubu mafuta akasowa, muzisefa pansalu yoyera ndi kusiya wa pansi pa chigubu.

Pulagi ndi D8EA, mpata wake pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm. Yatha miyezi yonseyi nsonga yake ili yofiirira ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti mafuta ndi mpweya zikusakanikirana bwino. Inachita mwaye wakuda kamodzi kokha, choko chitaiwalika. Kapu yake yatsopano, ya raba yathunthu kumapeto onse awiri, ndiyo inathetsa kuzima njinga ikanyowa. Poika, dulani kachidutswa ka pafupifupi sentimita imodzi kumapeto kwa waya wa koyilo kuti kasikulu ka kapu kalume kopa watsopano.

Batire yotchipa yakhumudwitsa. Pofika Meyi, m'mawa inkaonetsa 12.1V m'malo mwa 12.6V, sitata n'kumangoti ke-ke-ke. Musanaitukwane batire, yezani injini ikulira mutakokako moto pang'ono: mita ionetse pakati pa 13.5 ndi 14.5V. Apa inaonetsa 14V, kutanthauza kuti tchaji ili bwino, batireyo ndiyo yofooka. Ikadapitirira 15V, regyuleta, kachida koletsa magetsi kupitirira muyezo, ikanakhala ikuwiritsa batire, ndipo yatsopano iliyonse ikanafa chimodzimodzi. Mitu ya batire ndi waya wobiriwira wopita kuchitsulo zinapalidwa ndi sandipepa n'kupakidwa girizi. Zimenezo zagwira, zoyera zimene zimamera pa mitu ya batire sizinamerenso.

M'mawa wa masiku ano, njinga itagona pakhonde ku Luwinga mpando uli wonyowa ndi mame, kalizidwe kake n'kotere: tsegulani petulo, kwezani choko, menyani kiki kawiri pang'onopang'ono kiyi ali wozima, kenako yatsani kiyi, menyani kamodzi mwamphamvu osakoka moto. Imagwira kachiwiri kapena kachitatu. Bwezani choko pakatha theka la mphindi. Ikakana kasanu lekani, petulo wadzaza m'kati: bwezani choko, kokani moto wonse, menyani kiki kangapo kuti iume. Thanki ndiyo ikudikira kutsukidwa mu Seputembala, dzuwa likadzatentha mokwanira kuti iume bwino m'kati.