Kufewetsa galimoto yaliwiro mu Blantyre: matayala, ma shock, ma spring kapena ma coilover?

Amene munakwerapo Toyota 86 kapena Subaru BRZ mvula itangotha mukudziwa chomwe ndikunena. Pa Chipembere Highway imayenda ngati ikusambira, koma ungokhotera ku Ndirande kapena kulowa njira ya ku Machinjiri, msana umayamba kuwerenga dzenje lililonse. Yanga ndi 86, ndinaitanitsa ku Japan. Mayi a kunyumba atakwera kawiri anati bola minibasi. Ndiye ndayesa njira zingapo, zina pa galimoto yangayi, zina ndaziona kwa anzanga, ndipo ndati ndiziike pamodzi kuti mnzanga asataye ndalama pomwe ine ndinataya.

Musanagule kanthu, ikwezeni galimotoyo muone pansi pake. Zambiri zamtunduwu zimabwera mwini wake wa ku Japan atazitsitsa kale. 86 imachoka kufakitale ili mamilimita 130 kuchokera pansi, yofupika kale, ndiye wina akaikanso ma spring otsitsa, shock imatsala ndi kampata kochepa koyendamo. Ikagwera m'dzenje imakafika pa kamphira kotchinga kumapeto kuja, ndipo kugunda komwe mumamva m'chiuno n'komweko. Yanga inali choncho, ndipo ndinayenda nayo miyezi ingapo ndikumaganiza kuti ndi mmene inabadwira.

Tiyambe ndi matayala, chifukwa ineyo ndimawaika patsogolo pa zonse. Tayala ndi limene limakumana ndi dzenje shock isanadziwe n'komwe. Ambiri tili pa 215/45R17. Nambala 45 ija ikutanthauza kuti khoma la m'mbali mwa tayala ndi magawo 45 pa 100 a m'lifupi mwake, mamilimita 215 aja, ndiye ndi mamilimita pafupifupi 97. Mukatsikira pa rimu ya 16 n'kuika 205/55R16, khomalo limafika pafupifupi 113. Mamilimita 16 angaoneke ngati nthabwala, koma ndi mphira ndi mpweya woonjezera pakati pa inu ndi mwala. Kukula kwa gudumu lonse kumasintha ndi gawo limodzi lokha pa 100, choncho speedometer siisokonezeka, komanso ku Japan komweko ma 86 otsikirapo mtengo ankatuluka ali pa 16. Ingoonetsetsani kuti mabowo a rimu ndi 5x100, kutanthauza mabowo asanu pa bwalo la mamilimita 100, ndipo ngati yanu ili ndi mabuleki akuluakulu a Brembo, rimu ya 16 iiwaleni. Chomwe mumataya ndi maonekedwe pang'ono, komanso chiwongolero chimayankha mochedwerako pokhota mwamphamvu. Chomwe mumapeza, kupatula msana, ndi marimu osapindika ndi matayala osatuluka zotupa m'mbali mwezi wa Febuluwale.

Mpweya ndiye waulere. Pa chimata cha pachitseko cha dalaivala panalembedwa 240 kPa, yomwe ndi 35 psi. Tsiku lina ndinapeza anga atapopedwa kupitirira 40, mnyamata wina atangoyeza ndi diso. Yezani m'mawa tayala lisanatenthe. Koma musatsitse kwambiri pofuna kufewetsa, chifukwa tayala lofooka likamenya m'mphepete mwa dzenje limapanikizika pa rimu n'kung'ambika mkati. Anzathu a BMW Z4 amene muli pa ma run-flat, matayala a khoma lolimba omwe amayendabe akaphwa, kusinthira ku matayala wamba kumafewetsa kwambiri, kungoti muyambe mwaganiza za sipeya, poti galimotoyo ilibe.

Tsopano ma shock poyerekeza ndi ma spring, pomwe makaniko ambiri amasakaniza. Spring ndi imene imanyamula kulemera kwa galimoto, shock ntchito yake n'kuletsa spring kuti isamangovinavina. Shock yotha siifewetsa galimoto ayi, imachititsa kuti izidumpha ikachoka pa bampu kenako n'kugunda pansi. Ngati yanu yayenda makilomita ambiri pa ma shock omwe inabwera nawo, kungoika atsopano ofanana ndi akufakitale, monga KYB Excel-G kapena Bilstein B4, kumasintha zinthu kuposa mmene mungaganizire. Bilstein B6 ndi yabwino, koma ndi yolimba kuposa yakufakitale, ndiye ikukutengerani kumene mukuthawa. Koni Sport, yachikasu ija, ili ndi pochunira momwe shock imabwerera, ndipo pa mlingo wotsika imakhala bwino, vuto ndi kuipeza ndi ndalama zakunja zikusowazi. Sinthani awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse. Akaunjika a mumsika ndimawaopa, chifukwa shock mkati mwake simuoneka, ndipo kuikankha ndi manja wogulitsa akukuyang'anani sikukuuzani kanthu.

Pa ma spring mawu anga ndi ochepa: bwererani ku akufakitale. Amabweza msinkhu wa galimoto ndipo shock imapezanso mpata wake wonse. Apa kaunjika ndimavomera, poti spring yosathyoka ndi yosadya dzimbiri imaoneka ndi maso. Chomwe sindivomera ndi nzeru za pansi pa mtengo zija zoti tiikemo spring yofewa ya galimoto ina. Galimoto imayamba kupendama pokhota, kugwada mukaponda buleki, ndipo imafikabe pa kamphira kaja. Kudula spring ndiye kumaiumitsa, chifukwa mikombero ikachepa spring imalimba, ndipo kuiwotcha ndi gasi kumapha chitsulo.

Ma coilover, omwe ndi shock ndi spring zobwera pamodzi zokhala ndi pochunira msinkhu wa galimoto, ndi amene amakopa anyamata, inenso anandikopa. Amati ungopotokola kachitsulo pamwamba galimoto yafewa. Zoona zake n'zakuti kachitsuloko kamangosintha mmene mafuta akuyendera mu shock, kulimba kwa spring kumakhala komwe kuja, ndipo ambiri amabwera ndi ma spring olimba kuposa akufakitale poti anapangidwira malo a mpikisano. Mukachuna mpaka kofewa kwenikweni, spring yolimba ija imasowa woigwira, galimoto n'kumanjanja ngati ngolo yopanda katundu. Ena pamwamba pake pali mpira wachitsulo m'malo mwa mphira, ndiye kamwala kalikonse mumakamva m'kati. Kenako fumbi la Okutobala ndi matope a Januwale zimalowa m'mazinga osinthira msinkhu, chaka chisanathe agwirana osapotokokanso. Akayamba kudontha mafuta, owakonza pafupi n'ngosowa. Ubwino wawo weniweni ndi umodzi, mutha kukweza galimoto kufika pomwe mukufuna. Alipo odula opangidwira msewu wamba omwe amayenda bwino ndithu, koma ndalama yake mungagulire marimu, matayala anayi ndi ma shock onse n'kutsala ya mafuta. Anga ndinakhala nawo nyengo imodzi ya mvula, ndinawagulitsa motaya.

Zing'onozing'ono ziwiri. Ma bush ndi timphira tokhala polumikizira zitsulo za pansi pa galimoto. A polyurethane, ofiira kapena achikasu aja, amakhalitsa koma amapatsira kunjenjemera konse ku mpando, a mphira wakuda ndiwo ofewa. Powamanga, galimoto ikhale itaima pa matayala ake, osati ili lende pa jeke, apo ayi mphirayo imakhala yopotoka ndipo siichedwa kung'ambika. China ndi stabilizer, chitsulo cholumikiza gudumu la kumanzere ndi la kumanja kuti galimoto isapendame kwambiri pokhota. Ngati mwini wakale anaika yonenepa, galimoto imakugwedezani uku ndi uku gudumu limodzi likalowa m'dzenje, ndiye bwezeranimo yakufakitale. Wina anandiuza kuti ndingoichotseratu. Ameneyo sanatsikepo mapiri a njira ya ku Chikwawa madzulo kumbuyo kuli lole.

Ndiye mukandifunsa kuti achimwene ndiyambire pati, ndinena kuti mpweya lero lomwe, kenako rimu ya 16, kenako ma spring akufakitale ngati inatsitsidwa, ma shock pomaliza ngati atopa. Mukakhudza ma spring kapena ma shock pitani ku alignment tsiku lomwelo, matayala atsopano aja angadyeke mbali imodzi. Amene galimoto yake ndi ya Loweruka lokha, yokathamangitsa pa msewu wa Zomba, akhoza kukhala pa 17 n'kutenga Koni, sindimutsutsa.

Yanga pano ili pa 205/55R16, ma spring akufakitale ndi ma shock wamba atsopano. Siinasanduke Mark X, ikadali galimoto yofupika, ndipo mabampu ena aatali ndimawakwerabe chopingasa tikakhala awiri ndi thumba la ufa kumbuyo. Koma mayi aja anayambanso kukwera, ndipo sabata yatha anagona tulo tisanafike pa Kameza.