Ndemanga yanga pa amisiri a ku Limbe omwe anandibwezera zithunzi mu hard drive yowonongeka

Ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Yachisanuyo ndaigwira pa zifukwa ziwiri zomwe ndizinena kutsogoloku, koma ntchito yeniyeni anaigwira, ndipo maukwati a eni ake ndinapereka.

Ine ndimajambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe muno mu Blantyre. Ndikabwera ku holo ndimasamutsa zonse za mu memore khadi kupita mu hard drive ya m'manja ya 1 TB, ija timangoti external, kenako khadiyo ndimaifomata kuti ndikajambulire Loweruka linalo. Tsiku lomwe zinavuta ndinkasamutsa zithunzi pa kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS (kabatire kogwirizira kompyuta magetsi akathima), magetsi n'kuthima ntchito ili pakati. Atayaka madzulo, Windows inandiuza kuti disikiyo ndiyambe ndaifomata ndisanaigwiritse ntchito. Ndinasintha chingwe, ndinasintha pobayira, ndinakayesa pa laputopu ya aneba, uthenga womwewo. Mu Disk Management, momwe Windows imaonetsa madisiki onse, pomwe pankalembedwa NTFS (dzina la kasanjidwe ka mafayilo pa disiki) panali RAW. Kwa ife ojambula, RAW ndi chithunzi chabwino chochokera mu kamera chisanakhudzidwe. Sindinkadziwa kuti pa disiki mawu omwewo amatanthauza kuti kompyuta siyikuzindikiranso kalikonse. M'menemo munali maukwati awiri osaperekedwa, ntchito yanga ya zaka zinayi, komanso zithunzi zomaliza za malemu mayi anga. Ndinenenso kuti miyezi ingapo m'mbuyomo external imeneyi inagwapo pa tebulo ikuyaka, ndipo chigwereni inkachedwa kutsegula mafoda ena.

Shopu yoyamba yomwe ndinalowa, mnyamata wake sanaiyang'ane kawiri. Anati tiifomate kaye, kenako tiyendetse pulogalamu yobweza mafayilo, ine ndikamwe tiyi ndibwere pakatha maola awiri. Mtima unakana, ndinainyamula. Pambuyo pake ndi pomwe ndinamva kuti kufomata kwachangu kumalemba kaundula watsopano wa mafayilo pamwamba pa wakale, pomwe kufomata kwathunthu kuja, kuyambira pa Windows Vista, kumalemba maziro disiki yonse osasiya kanthu.

Mnzanga wina wojambula mavidiyo ndi amene anandilozera kwa achimwene ena ku Limbe, m'kachipinda kapamwamba kokwera ndi masitepe opapatiza. Funso lawo loyamba silinali la ndalama. "Achemwali, chichitikireni zimenezi mwaiyatsa kangati? Mwalembamo kanthu? Inagwapo?" Nditayankha zonse, anatomola chibokosi chake chapulasitiki n'kutulutsa kadisiki ka mainchesi 2.5. Anati ndili ndi mwayi chifukwa yangayi inali ndi polumikizira pa SATA, ngati pa madisiki a mkati mwa kompyuta, kotero atha kuibaya mwachindunji pa kompyuta yawo. Ma external ena amabwera pobayira USB patawotchereredwa pa bolodi, ndipo amavutirapo. Ataiyatsa anazimitsa wailesi, n'kuyandikiza khutu kwa kanthawi ndithu. "Ikuzungulira bwino, siyikugogoda." Anandifotokozera kuti mkatimo muli timbale tozungulira, mwa tating'onoti kawirikawiri ka 5,400 pa mphindi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake pa mpata wochepa kwambiri kuposa tsitsi. Kamutuko kakawonongeka disiki imagogoda, ndipo ukamaiyatsabe kamakanda timbale tija. "Ikanagogoda ndikanakubwezerani. Kutsegula mkatimo kumafuna chipinda chopanda fumbi, ine ndilibe." Mawu amenewo ndi omwe anandikhazika mtima pansi, chifukwa munthu woti akukuuza pomwe luso lake lathera sangakunamize pa zinazo.

Kenako anandionetsa SMART, kaundula yemwe disiki imadzilembera yokha za umoyo wake. Analoza mizere iwiri: wa nambala 5, wowerenga timagawo tomwe tinafa kale disiki n'kutilowetsera tina, ndi wa nambala 197, wowerenga timagawo tomwe tikukanika kuwerengeka panopa. Pa disiki yabwino ponse pawiri pamakhala ziro. Pa yangayi panalibe ziro. Anati matenda ndi awiri. Kugwa kuja kunavulaza malo ena pa timbale, ndipo kuthima kwa magetsi kunapeza file system, kaundula wosonyeza pomwe fayilo iliyonse ili, ikulembedwa n'kuisokoneza. Anayerekeza ndi minda: chimanga chili m'munda, chacha bwinobwino, koma buku la amfumu losonyeza kuti munda wa uje wayambira apa n'kulekezera apo lang'ambika masamba. Ntchito ndi kupeza bukulo, kapena likasoweratu, kuyenda m'mundamo n'kumazindikira mbewu ndi maso.

Chomwe ndinawakondera kwambiri n'chakuti disiki yodwalayo sanayese kuikonza. Anati chkdsk ndi mapulogalamu ena okonza amalemba pa disiki, ndipo pa disiki yomwe ikufa kuwerenga kulikonse kungakhale komaliza. Ndiye anayatsa kompyuta pa Linux m'malo mwa Windows n'kuyendetsa pulogalamu yotchedwa GNU ddrescue, yomwe analemba Antonio Diaz Diaz. Imeneyi siifuna kudziwa za mafayilo kapena mafoda. Imangokopera disiki yonse, kagawo ndi kagawo, kupita pa disiki ina yabwino. Nzeru yake ndi yakuti imayamba yatenga malo onse osavuta, ikakumana ndi pomwe pakukanika imadumpha, ndiye imadzabwerera pamapeto kukachotsa pang'onopang'ono zomwe zingachotseke m'mbali mwa bala lija. Imasunganso kafayilo ka mapu kolemba pomwe yafika. Kameneka kanatithandiza, chifukwa usiku wachiwiri magetsi anathima nthawi yaitali mpaka batire la inverter yawo linatha, koma m'mawa ntchito inapitirira pomwe inalekezera, osayambiranso.

Apa ndi pomwe pali dandaulo langa loyamba. Anandiuza masiku atatu, anatenga asanu ndi limodzi. Kuchedwako ndikukumvetsa, disiki yodwala siithamangitsidwa. Koma masiku awiri athunthu foni yawo sankayankha, pomwe ine mkwatibwi akundilembera pa WhatsApp m'mawa ndi madzulo, ankhoswe nawo akuimba. Ndinachita kukwera minibasi kupita ku Limbe kukangoona ngati kachipindako n'kotsegula. Ndinawapeza ali pa ntchito, disiki yanga ili pa kansalu, kafani kakang'ono kakuipepesa kuti isatenthe. Uthenga umodzi wokha woti "zikuyenda, dikirani" ukanandipulumutsa ku kusowa tulo kumeneko.

Pa tsiku lachisanu la ntchitoyi anandiitana kuti ndidzaone ndekha. ddrescue inali itatenga pafupifupi disiki yonse, kupatula timalo tochepa tomwe tinakaniratu. Disiki yanga anali ataizimitsa n'kuiika pambali. Zonse zotsatira ankachita pa kope lija. Anatsegula TestDisk, pulogalamu ya Christophe Grenier wa ku France. Ilibe zithunzi zokongola, ndi zilembo zokhazokha pa sikirini yakuda, umayenda ndi mabatani a mivi. Anandiuza kuti NTFS imasunga kagawo kake koyambira, boot sector, pawiri: kena koyambirira kwa disiki, kena kumathero kwenikweni. TestDisk inaonetsa kuti koyambako n'kowonongeka koma kakumatheroko kali bwino. Anakopera kabwinoko pamwamba pa kowonongeka, n'kuuza pulogalamuyo kuti itchule zomwe zilimo. Mayina anayamba kutsika m'munsi mwa sikirini, mayina omwe ndinalemba ndekha: Chinkhoswe Chilomoni, Ukwati Zomba, Mayi. Ndinapempha mpando. Anangotsegula chithunzi chimodzi cha mu foda ya Mayi, ali pa khonde atavala chitenje chawo cha ku mvano, kenako anatuluka panja kwa mphindi zingapo kundisiya ndekha. Zimenezo sindidzaiwala.

Koma foda ya ukwati wachiwiri panalibe. Anandifotokozera kuti buku la amfumu lija mu NTFS limatchedwa MFT, ndipo fayilo iliyonse ili ndi mzere wake wa 1 KB m'menemo, wonena dzina, deti ndi malo omwe fayiloyo yagona. Limodzi mwa mabala aja linagwera mu MFT momwemo, pa mizere ya zinthu zomwe ndinaika chaposachedwa. Pali kope lina lotchedwa MFT mirror, koma kawirikawiri limangosunga mizere inayi yoyambirira, ndiye silikanatithandiza. Apa anatenga PhotoRec, yomwe imabwera limodzi ndi TestDisk. Imeneyi ndi ija yoyenda m'munda n'kumazindikira mbewu ndi maso. Mtundu uliwonse wa fayilo uli ndi chizindikiro poyambira pake: JPG imayamba ndi FF D8 FF, PDF imayamba ndi %PDF. PhotoRec ikapeza chizindikirocho imadula kuyambira pamenepo n'kusunga ngati fayilo. Ngakhale dzina lake limamveka ngati ya zithunzi zokha, imazindikira mitundu mazanamazana ya mafayilo.

Zithunzi za ukwati uja zinabwera, ma JPG ndi ma CR2 (ma RAW a mu kamera aja) omwe. Koma amene akupita njira imeneyi adziwiretu momwe zimabwerera. Mayina kulibe, mafoda kulibe. Umapeza mafoda otchedwa recup_dir.1, recup_dir.2, kumangopitirira, iliyonse ya mafayilo 500, ndipo fayilo iliyonse dzina lake ndi chilembo f chotsatana ndi manambala. Zasakanikirana ndi tizithunzi ting'onoting'ono, komanso zinthu zomwe ndinafufuta zaka zapitazo. Dandaulo langa lachiwiri lagona apa. Anangondipatsa mulu umenewu momwe unalili. Nditafika kunyumba ndi pomwe ndinatulukira kuti chithunzi chilichonse chimasunga mkati mwake deti ndi nthawi yomwe kamera inajambula, ndipo ungathe kusanja potengera zimenezo. Wotchi ya kamera yanga inali yolondola, ndiye zinatheka, koma ndinagona mochedwa masiku anayi. Munthu wodziwa makompyuta ngati iwo akanatha kusanja ndi deti pa kanthawi kochepa, kapena kungondilangiza ndisanatsike masitepe aja.

Mavidiyo ndiwo anavulala. Pa tizidutswa tomwe ndinajambula tsikulo, titatu tinabwera ndi kukula koyenera koma sititseguka. Chifukwa chake anandiuza ndisanalipire: disiki yanga inali yodzaza, ndiye fayilo yaikulu siinagone malo amodzi, inagawikana apa ndi apo, ndipo popanda mzere wake wa mu MFT palibe chonena kuti chidutswa chotsatira chili kuti. Kamodzi mwa titatuto kanali ka perekani-perekani, nthawi yomwe agogo a mkwati ananyamuka kukavina. Ndinapita ndekha kwa banjalo kukawauza zoona, ndinachotserako mtengo. Mkwatibwi anakhumudwa, ndipo anali ndi chifukwa. Zithunzi za nthawi imeneyo zilipo, koma nyimbo ndi nthungululu zija palibe.

Za mtengo. Amalipiritsa kangachepe poyeza disiki, ndipo ndalama yeniyeni umapereka utaona mafayilo ako ndi maso. Yanga inakwana ngati yomwe ndimalipiritsa ukwati umodzi, kuonjezerapo hard drive yatsopano yomwe ndinagula kuti aikemo zomwe zapulumuka, chifukwa pa yodwalayo sabwezeramo kanthu. Mapulogalamu atatu onsewa ndi aulere pa intaneti, ndipo iwo sanabise. Nditawafunsa kuti nanga ndikulipira chiyani, anaseka n'kunena kuti, "Mukulipira kuti ndisalakwitse mbali, achemwali." Anandionetsa kuti mu ddrescue ukangosinthanitsa dzina la disiki yochokera ndi yopitira, umapaka disiki yopanda kanthu pamwamba pa zithunzi zako. Ndikuvomereza kuti ndalamayo inali yoyenera. Masiku asanu ndi limodzi a magetsi, disiki yawo yosungira kope, ndi khutu lija, sindikanazipeza pa intaneti.

Chinanso chomwe anthu sachiganizira: mmisiri wotere amaona chilichonse. Mu external yanga munali zithunzi za maanja a anthu, makope a ziphaso, makalata a kubanki. Iwo anati kope lija alisunga sabata imodzi kuti ngati chilipo chosowa ndibwerere, kenako adzalifufuta ine ndikuona. Ndinapitadi, ndipo anachita momwemo. Amene mukupita kwa mmisiri wina, funsani zimenezi musanasiye disiki.

Amene ndingawalozere kumeneku ndi amene hard drive yawo ikuzungulira mwakachetechete koma ikupempha kufomata, ikuonetsa RAW, kapena ikuchedwa modabwitsa. Yogogoda adzakubwezerani. Anandiuzanso kuti SSD, disiki yopanda timbale tozungulira, ndi nkhani ina: chifukwa cha TRIM, njira yomwe kompyuta imauzira disikiyo kuti iyeretse malo a zofufutidwa, zomwe wafufuta kapena kufomata kawirikawiri zimapitiratu. Nditawafunsa za mphekesera yoika disiki mu firiji anapukusa mutu, anati chinyezi chimakamaliza zomwe zinatsala. Popita tengani disikiyo ndi chingwe chake, hard drive ina yopanda kanthu, ndi kapepala kolemba mafoda omwe mukuwafunitsitsa, chifukwa amayamba kufufuza amenewo. Mugwirizanenso tsiku lomwe adzakuimbireni, ngakhale ntchito ikhale isanathe.

Disiki yakale anandibwezera atamata kapepala kolembedwa kuti "osasungamonso kanthu". Ili mu dirowa. Pano ndili ndi ma external awiri, ina imagona kwa achemwali anga ku Chirimba, ndipo memore khadi sindiifomata mpaka zithunzi zitalowa monse muwiri. Ndinagulanso ka UPS kakang'ono. Chithunzi cha mayi ali pa khonde ndinakachitsukitsa chachikulu sabata yomweyo, chili pa khoma pabalaza.